Kaduwa ka pa Lupanga la Bambo

Tokyo, 5 Novembala 1972

Achemwali Kinuyo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi, alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, kungoti mpunga munatumiza uja watha, ndipo wogula m'sitolo za kuno umakoma ngati utuchi. Mukapeza mpata tumizaniko thumba lina.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Ndalowa kalabu ya anthu osunga malupanga akale. Musaseke. Timakumana Loweruka pamwamba pa chipatala cha mano cha a Kuramochi, amene ndiwo mkulu wathu, ndipo kumabwera maloya ndi eni mafakitale. Lupanga saliona chisawawa ngati chikwanje. Munthu amaliweramira kaye, amaluma kapepala kuti malovu asagwere pa chitsulo, kenako amaliloza ku nyale n'kutchula amene analisula ndi zaka zake. Ine ndagula kale mabuku awiri ndipo zambiri ndazidziwa.

Vuto n'lakuti pagulu lonselo ndine ndekha ndilibe langa. Amanditchula a Mafiriji chifukwa cha ntchito yanga. Sabata yatha a Kuramochi anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Kodi a Hokari, inu mumangobwera kudzatithera mapepala oluma basi?" Onse anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinayankha kuti kwathu ku Niigata kuli lupanga la bambo anga, amene anali ofesala wa nkhondo.

Tsono ndithandizeni. Pa chigumbu cha lupangalo pali kamsomali ka nsungwi. Mukakakhoma kachoka, chigumbu chivuka, ndipo muona mchira wa chitsulo pamene wosula amalembapo dzina lake. Ikanipo pepala, mukhwekhweze ndi pensulo, munditumizire. Dzimbiri la pamchirapo musalichotse, ndilo limanena zaka. Ndikukudziwani anthu akumudzi inu, chilichonse mumakwecha ndi phulusa.

Mlongo wanu,
Norimasa


Ushirodani, 19 Novembala 1972

Nori,

Tonse tili bwino. Amayi mawondo ndiwo akuvuta, koma poti sunafunse, ndisakutopetse nazo. Mpunga wanyamuka dzulo pa sitima.

Zaka zitatu osaponda kuno, lero wakumbukira kuti unali ndi bambo chifukwa wozula mano wakuseka. Popeza zinthuzi zinkachitika iwe uli kumbuyo kwa amayi, ndikukumbutse. Bambo atafera ku China, boma linatumiza kabokosi kokulunga m'nsalu yoyera, ati ndi mafupa. Amayi anamva kanthu kakugubuduka m'katimo. Opepesa atabalalika anatsegula, n'kupezamo mwala. Manda timakapalira aja mulibe munthu. Chimene chinabwera cha bambo ndi lupanga lokha, ndipo analibweretsa mnzawo wina woduka mkono.

Nkhondo itatha, apolisi ankayenda khomo ndi khomo kutolera malupanga polamulidwa ndi Amereka amene anatigonjetsa. Amayi anakwera kudenga iwe uli kumsana n'kulisomeka m'udzu. N'chifukwa chake lilibe chikalata cha boma, ndipo m'mudzi muno aliyense amadziwa koma palibe amanena.

Masiku ano limagona m'kabati ya pansi pa guwa la makolo, litakulungidwa mu lamba wakale wa amayi. M'mawa uliwonse amayi amaikapo tiyi ndi mpunga, amalinyamula ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Kenako amaliuza mtengo wa feteleza, amene wamwalira ndi amene wakwatiwa, n'kulibwezera. Chilitsitsireni kudenga sanalisololepo m'chimake, ati bambo angazizidwe.

Ndiye iwe ukuti ine nditenge hamala ndikakhome kamsomali. Kakhome wekha mutu wako. Ngati ukufuna kuliona bwera pa Chaka Chatsopano, udzathandizenso alamu ako kugwetsa chipale chofewa padenga, ngati manja ogulitsa mafiriji amagwirabe fosholo.

Kinuyo


Tokyo, 6 Januwale 1973

Achemwali,

Ndafika bwino. Zikomo chifukwa cha makeke a mpunga, ngakhale munandipatsa nkhope ili gwaa. Sindikumvetsa chimene munakwiyira. Amayi anavomera okha. Ndinawauza kuti lupanga likufunika mmisiri alipake mafuta, ndipo ndilibweza isanafike sabata yoyendera manda mu Malichi. Munamva nokha akunena kuti, "Apite, bambo ako ku Tokyo sanafikeko." Kulinyamula m'chikwama chachitali cha masikii, matabwa otsetserekera pachipale aja, inali nzeru yabwino. M'sitima munadzaza anyamata ochokera kotsetsereka pachipale, ndipo kondakitala sanandiyang'ane n'komwe.

Tsopano khalani pansi. Ndinakhoma kamsomali kaja. Pamchira pali dzina la wosula, koma silikuwerengeka bwino, ndipo malupanga akale kwambiri ndi mmene amakhalira. Pamwamba pa dzinalo pali kaduwa kodindidwa, kakang'ono ngati njere ya soya, kokhala ndi chilembo pakati. Achemwali, maduwa otere ndi zizindikiro za mabanja a mafumu. Moyo wanga wonse anthu andiona ngati mwana wamasiye wa mlimi wa mpunga, osadziwa kuti m'kabati mwathu muli lupanga lochokera m'nyumba ya mfumu.

A kukalabu sindinawaonetse. Anthu aja ndi mimbulu, akaona chinthu chabwino amachinyoza dala kuti achigule motchipa. Ndikufuna adzalione lili kale ndi chikalata. Njira yake n'njosavuta. Munthu amakanena kupolisi kuti wapeza lupanga m'katundu wa makolo, apolisi amalemba, kenako akatswiri a boma amaliona n'kupereka chikalata. Ndipita Lachiwiri pa 16. Pamenepo amayi sadzafunikanso kubisa mwamuna wawo ngati mowa wophika mozemba.

A Kuramochi ndikufuna ndidzawaone nkhope tsiku limenelo.

Norimasa


Ushirodani, 11 Januwale 1973

Nori,

Moni ndidzakupatsa tsiku lina. Kupolisi usapite. Werenganso mawu amenewa, kenako upitirize.

Dzulo a Ryokai, ansembe a kukachisi, anabwera kudzapempherera bambo monga amachitira mwezi ndi mwezi. Ataona kabati ili pululu anafunsa, ine n'kuwauza nzeru zako zonse. Anaika kapu ya tiyi pansi.

"Wanena kale kupolisi?"

"Ayi, akuti apita pa 16."

"Muuzeni akhale pansi. Akangolemba m'buku mwawo, lupanga silibwereranso kobisala. Akatswiri akanena kuti n'losulidwa ndi manja, chikalata chimatuluka. Akanena kuti n'la kufakitale, lopangira nkhondo, boma limati chimenecho n'chida, ndipo amalidula. La mkulu wanga analidula zaka zinayi zapitazo. Anatibwezera chingwe cha pachigumbu chokha."

Atapita ndinawafunsa amayi mochenjera, tikusenda mbatata. Ndinati, "Amayi, kodi lupanga lija bambo analilandira kwa agogo?"

Anaseka. "Agogo ako anali ndi mazenga awiri ndi khasu. Tinakagula kusitolo ku Takada, pafupi ndi kampu ya asilikali. Analipo ambiri, atapachikidwa ngati maambulera."

Wamva, mdzukulu wa mafumu? Ngati maambulera. Ine za maduwa sindizidziwa, mabuku awiri sindinagule, koma sindinamvepo mfumu yogulitsa katundu wake pafupi ndi kampu.

Ndinafuna kuimba lamya kuntchito kwako, koma mawaya aduka ndi chipale kuyambira Lolemba, ndipo basi sikukwera kuno. Kalatayi ndaipereka kwa wapositi amene akuti atsika wapansi msewu ukangotseguka. Lipake mafuta, libweze m'chikwama chako cha masikii, ubwere nalo. Amayi m'mawa uliwonse akumatsegula kabati yopanda kanthu n'kunena kuti, "Kaya ku Tokyo akudya bwino."

Kinuyo


Tokyo, 27 Januwale 1973

Achemwali,

Ndikhulupirira chipale chachepako ndipo mawondo a amayi ali bwino. Onani, ndafunsa.

Kalata yanu ya pa 11 yafika pa 24. Kupolisi ndinapita pa 16 monga ndinanenera. Anandilandira mwaulemu, analemba, anayeza kutalika kwake, n'kundipatsa kapepala koti ndikaonekere kwa akatswiri mwezi wamawa. Palibe anandiluma.

A Ryokai ndimawalemekeza, koma ntchito yawo ndi maliro, ndiye chilichonse amachiona chitafa kale. La mkulu wawo mwina linali chitsulo cha njanji. Zoti bambo anagula kusitolo sizikusintha kanthu. Nthawi ya nkhondo mabanja akuluakulu osauka ankagulitsa malupanga a makolo awo, eni sitolo n'kuwaveka zigumbu za chisilikali osadziwa chimene agwira. Zili m'buku, tsamba lake ndapinda. Bambo ayenera kuti anali ndi diso. Pa maambulera onse aja anasankha lokhala ndi duwa, ndipo diso limenelo ndi limene ndinatengera ine.

Komabe sindibisa, kalata yanu yandisowetsa tulo. Ndinabwerera kupolisi kukafunsa ngati munthu angathe kufafaniza zimene ananena. Wapolisi wake anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wake. Anati zolembedwa zalembedwa, ndipo ndikapanda kuonekera adzabwera okha kunyumba. Ndiye palibe chobwerera. Koma musade nkhawa, ndalipenyanso pa nyale kangapo ndipo likuwala bwino kwambiri.

Amayi musawauze za ansembezi. Muwauze kuti mmisiri ali ndi ntchito yambiri.

Norimasa


Tokyo, 22 Febuluwale 1973

Achemwali,

Muwerenge muli nokha.

Ndinapita. Ndi chipinda chachikulu chozizira, anthu ali pamzere aliyense atakumbatira mtolo wake. Kutsogolo kuli tebulo, nkhalamba zitatu zitakhala ngati oweruza milandu. Mwatsoka a Kuramochi analinso pamzere womwewo, kumbuyo kwanga, ndi kalupanga kawo kena. Anati, "Aa, a Mafiriji, ndiye lotchuka lija limeneli?"

Nthawi yanga itakwana ndinaweramira lupanga, ndinaluma kapepala, zonse mwadongosolo. Nkhalamba ya pakati inavula chigumbu, inaponya diso pamchira, n'kulibweza pa tebulo. Pa kanthawi kameneko munthu sakanatha n'kuyatsa fodya komwe.

"La kufakitale ili. Chikalata palibe."

Ndinalavula kapepala. Ndinati, "Pepani aphunzitsi, mwina simunaone duwalo."

"Ndaliona. Ndi chidindo cha oyendera mafakitale. Ankadinda kuti anthu asalisokoneze ndi losulidwa ndi manja. Lero lokha ili ndi lachitatu."

"Koma ndi la bambo anga. Anafera kunkhondo."

"Onse obwera ndi malupanga a zidindo amatero, ndipo sanama. Pepani. Wotsatira."

Kumbuyo ndinamva a Kuramochi akuuza mnzawo monong'ona, koma mokweza ndithu, kuti, "Zimenezo zili pa tsamba loyamba la buku lililonse." Munthu amene uja ndidzamuona. Nkhalamba zijanso zilibe mtima, zimangodziwa zitsulo. Ndipo kunena zoona bambo nawonso anatichititsa manyazi. Munthu ofesala wathunthu, kulephera kuwonjezera pang'ono n'kugula chinthu chenicheni?

Apolisi analitenga pomwepo. Ndinachonderera, ndinatchula amayi, koma anati lamulo ndi lamulo. Analidula Lachisanu. Anandibwezera chimake, chigumbu ndi chingwe, poti zimenezo si zida.

Koma ndaganiza nzeru. Amisiri a kuno amasema lupanga la nsungwi lolowa bwinobwino m'chimake, kuti chigumbu chikhale pamalo pake. Osunga malupanga onse amatero akasunga chimake chopanda chitsulo. Ndalipangitsa kale, ndipo kunja simungasiyanitse ngakhale pang'ono. Munanena nokha kuti amayi salisolola. Ndilitumiza pa positi chifukwa kuntchito kwachuluka zochita. Inu mungolikulunga mu lamba uja n'kuliika m'kabati. Tikasunga pakamwa tonse awiri, palibe amene wataya kanthu.

Norimasa


Ushirodani, 6 Malichi 1973

Norimasa,

Phukusi lako lafika. Unawatenga bambo m'chikwama cha masikii, wawabweza pa positi pamodzi ndi makatalogu a mafiriji kuti asagubuduke. Sitima ya ku Niigata imayenda tsiku lililonse, koma iwe unaopa kuyang'anana ndi nkhalamba ya mawondo otupa. Pa anthu onse amene wawanyoza m'makalata ako, ansembe, akatswiri, wozula mano, ife akumudzi, mpaka bambo amene anafa ali wamng'ono kuposa mmene ulili iwe lero, ndikusowa amene wakuposa uchitsiru.

Ine ndinachita zimene unanena, ndipo ndikudzida nazo. Sindinachitire iwe. Ndinalibe mawu owauzira amayi. Ndinalikulunga iwo ali kubafa, n'kuwauza kuti bambo abwera. Anasangalala ngati mtsikana. Anati tiwasiye apume ulendo, adzawalonjera m'mawa.

M'mawa ndinaima pakhomo la chipinda, mpunga uli m'manja. Anathira tiyi, anatsegula kabati, analowetsa manja awiri monga mwa masiku onse. Manjawo anakwera msanga kuposa mmene anazolowera, ngati munthu wonyamula ketulo imene amayesa kuti ili ndi madzi. Anakhala choncho nthawi yaitali, lili m'mwamba. "Mwadzuka bwanji" sananene.

Kenako anandiitana osatembenuka. "Kinuyo."

"Ee, amayi."

"Iwe ukudziwa?"

Ndinawauza zonse, kuyambira kaduwa mpaka Lachisanu lija. Ndinalira ndine. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha, ngati podula amagwiritsa ntchito moto. Ndinati sindikudziwa. Anati, "Ndipatse pensulo."

Ukudziwa kuti amayi salemba kalata, ngakhale makadi a Chaka Chatsopano ndimawalembera ndine. Iyi alemba okha masiku awiri, ndipo sindinakonzemo kanthu. Ili m'envelopu momwemu. Unaloweza mayina a osula a zaka mazana asanu, koma sunaganize kuti chitsulo chimalemera kuposa nsungwi.

Kinuyo


Ushirodani, 6 Malichi

Norimasa mwana wanga,

Uli bwanji? Kuno chipale chayamba kusungunuka. Ukhululuke zilembo, dzanja silinazolowere.

Kaduwa kaja ndimakadziwa. Mwini sitolo anavula chigumbu n'kutionetsa, anati ili ndi la kufakitale, n'chifukwa chake n'lotchipa. Osulidwa ndi manja anali m'galasi. Ine ndinali nditagulitsa kimono yanga, chovala changa cha ukwati, ndipo ndalama zinakwanira la pakhoma. Bambo ako anati lomweli ndi labwino, sakupita kukaonetsa anthu. Potuluka anandigulira maswiti a nyemba ndi chenji chake.

Unafunsa mlongo wako, unafunsa mabuku, apolisi ndi akuluakulu a boma. Pa Chaka Chatsopano unakhala nane masiku anayi pa tebulo limodzi. Ukanandifunsa ndikanakuuza tiyi asanazizire.

Boma linanditumizira mwala. Sindinakwiye kwambiri, poti boma silinkawadziwa bambo ako, ndipo mwalawo unkalemerako. Iwe wanditumizira nsungwi n'kumauza mlongo wako kuti sindizindikira. Ndanyamula munthu ameneyu m'mawa uliwonse kuyambira iwe usanayambe kuyenda.

Upite kwa apolisi aja ukapemphe ngati patsala kachidutswa, ngakhale kofanana ndi chala, tidzaike m'manda muja muli mwala. Ukawaweramire bwino, paja kuwerama unaphunzira. Akakana, usavutike n'kubwera sabata yoyendera manda, kulibe woti umuyendere.

Chimake ndi chigumbu ndasunga. Nsungwi ija ndaisolola, ndi yosemedwa bwino, mmisiri wako umuthokoze. Ndiizika m'munda mwezi wamawa kuti nyemba ziyangireko.

Mpunga tizitumizabe.

Mayi ako,
Tome